Dzira mu Rediyeta

1. Ndodo pachitseko

"Taima kaye, mwana iwe. Nsapatozo umanga ndikatha kulankhula."

Mtsikanayo anaima pakhomo, ovolosi ili paphewa. Agogo ake anali atapingasa ndodo yawo pachitseko. Zinkakhala choncho m'mawa uliwonse kuyambira pamene anayamba kuphunzira umakaniko pa galaja ya kuseri kwa msika.

Agogowo ankaopa chilichonse. Ankaopa mawaya a magetsi, njinga zamoto, galu wogona, ngakhale madzi osamba akachita nthunzi. Mwana akangotsokomola, iwo anali atayamba kale kufunafuna nsalu yopitira kuchipatala. Motero mawu awo anasanduka ngati mvula ya padenga: umaimva, koma suimvetsera.

"Ine kusukulu sindinapondeko," anayamba agogo. "Pepala ndimaliona ngati pagwera nyerere. Koma ovolosi ya agogo ako aamuna ndinachapa mpaka zala izi kupindika. Za galimoto ndinaziphunzirira m'beseni. Ndiye tchera khutu.

"Madzi obiriwira aja oziziritsa injini amanunkhira ngati switi. Usalawe, ndi poizoni. Akatayika pansi, kwirira ndi mchenga galu asananyambite.

"Galimoto ikatentha, chivindikiro cha rediyeta usachikhudze. Mwini wake alire, akutukwane, akugwadire, iwe usachikhudze. Khala pansi, pinda manja, dikira chitsulo chizizire mpaka uthe kuikapo dzanja ngati pamphumi pa mwana. Zimene zimakhala m'katimo si madzi ayi. Ndi moto wotsekeredwa, ndipo potuluka umayambira pankhope ya woutsegulira. Chipsera cha agogo ako unkachiona, chochokera pakhutu mpaka pachifuwa. Bala limenelo ndinkalitsuka ine. Khungu linkatsalira pansalu, munthu wamkulu akulira ngati khanda.

"Ndipo chinthu chikaola, unene kuti chaola. Usamate. Amuna a pagalaja amakonda kumata, wina ndi sopo, wina ndi fodya, wina ndi dzira. Galimoto imachoka ikuseka, n'kukafera kutsogolo kopanda mthunzi. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Sunamve. Wangoyankha."

Mtsikanayo anaseka, n'kuwerama, n'kudutsa kunsi kwa ndodo ija. Ali kale pamsewu, anamva agogo akufuulabe kumbuyo za njinga zamoto ndi za zakudya za m'mbali mwa msewu. Chenjezo la rediyeta linamira m'machenjezo enawo.

2. Bokosi lofiira

Galajayo inali bwalo lotchingidwa ndi malata akale. Dothi lake linali lakuda ndi oyilo, moti ngakhale udzu unkakana kumera. Pakona panali shedi, m'shedimo benchi yachitsulo, ndipo kunsi kwa benchiyo kunali bokosi lofiira la zida, lokhoma ndi loko.

Bokosilo linali la agogo ake aamuna. Mwini galaja, amene onse ankangowatchula kuti Amisiri, anaphunzira ntchito kwa malemuwo, ndipo malemuwo anawasiyira bokosilo kuti adzapatse mdzukulu. Kiyi wake Amisiri ankamuvala m'khosi.

Tsiku loyamba lomwelo anamuuza mtsikanayo poyera. "Tsiku limene udzapeze vuto la galimoto wekha, n'kunena zoona zake pamaso pa mwini wake, kiyi uyu ndi wako. Ukadzanama, chipata ndi icho. Kuno sitisunga munthu wonamiza makasitomala."

Koma tsikulo linkachedwa. Ntchito yake inali kusesa, kutsuka mabawuti ndi kutunga madzi. N'chifukwa chake anyamata a pagalaja anamutcha Katsache. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula.

Woyambitsa dzinali anali makaniko wina wotchedwa Chigamba, chifukwa chilichonse iye ankangochiika chigamba. Anali ndi manja ofulumira ndi pakamwa powola. Tsiku lina anathira girisi m'nsapato za Katsache. Tsiku lina anamutuma mtunda wautali padzuwa kukabwereka chida chimene chinali m'thumba mwake momwemo. Mtsikanayo akabwera ali wefuwefu, anyamata ankagwa pansi ndi phwete.

"Manja akowa ndi ochapira matewera," ankatero Chigamba. "Bokosi lija ukalilandira udzasungiramo chiyani? Mafuta odzola?"

M'mawa umenewo Amisiri anali kukonzeka kupita kukagula zipangizo pamene pikapu yoyera inalowa pachipata. Kumbuyo kwake kunali mathireyi a mazira, osanjikizana mpaka kupitirira denga. Kunsi kwake kunkadontha madzi.

Amisiri anayang'ana madonthowo, kenaka anayang'ana mtsikanayo.

"Mdzukulu wa abwana anga, ika tsachelo pansi. Galimoto iyi ndi yako. Wina aliyense asaikhudze. Ndikabwera undiuze chimene wapeza."

Anagwira kiyi uja m'khosi mwawo, n'kutuluka. Chigamba analavula pansi.

3. Madzi akuthawira kuti?

Mwini pikapu anali bambo wamfupi, wathukuta, foni ili kukhutu. Pamsika onse ankamutchula Wamazira.

"Ikumwa madzi ngati ng'ombe," anatero. "Ndithira m'mawa, masana mulibe. Tsegula msanga, ndili ndi masitolo akundidikira."

"Tidikire izizire kaye, bambo," anayankha Katsache.

"Ndabwera kudzadikira ine?"

Katsache anatsegula boneti kuti mphepo ilowe, n'kulowetsa katoni yoyera kunsi kwa injini. Pa nthawi imeneyo mawu a agogo anali adakali m'mutu mwake.

Atatulutsa katoni ija anapeza madontho kutsogolo kwenikweni, pansi pa rediyeta. Anali obiriwira pang'ono, oterera pachala, onunkhira ngati switi. Galu wa pagalaja anabwera akununkhiza. Katsache anamuthamangitsa, n'kukwirira chithaphwicho ndi mchenga.

"Kodi muvi wa geji ya kutentha umakwera, bambo?"

"Pachitunda umakwera. Ndiye mafunso achuluka ngati kupolisi."

Chitsulo chitazizira, Katsache anaikapo dzanja, kenaka anatsegula chivindikiro. Mphira wake unali wabwino. Madzi m'katimo anali otsika, amtundu wa dzimbiri.

Anayamba ndi zotchipa, monga Amisiri ankachitira. Anafinya paipi yam'mwamba ndi yam'munsi, zonse zinali zolimba, zopanda mng'alu. Anayesa zomangira zake ndi sikuludiraiva, zinali zothina. Anasuzumira pa pampu ya madzi, panali pouma. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali wakuda bwinobwino, osati ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi sanali kulowa m'kati mwa injini. Ku ekizozi nakonso pikapuyo sinabwere ikufuka utsi woyera.

Anyamata anasiya ntchito zawo n'kuzungulira.

"Taonani adokotala," anatero Chigamba. "Posachedwa aifunsa ngati ili ndi pakati."

Katsache anadzaza madzi, n'kutenga pampu yoyezera imene Amisiri ankaisunga m'shedi. Anaimanga pakamwa pa rediyeta n'kupopa. Kamuvi ka pampu kanakwera, kanaima pang'ono, kenaka kanayamba kutsika. Penapake panamveka kuti tsiii.

Anatsatira phokosolo ndi khutu. Pamwamba pa rediyeta, pamene pulasitiki imalumikizana ndi chitsulo, panali mng'alu wautali ngati chala, wozunguliridwa ndi zoyera ngati mchere. Madzi ankatuluka pamenepo ngati ulusi. Anagwada n'kuyang'ana m'munsi. Kumeneko kunalinso konyowa. Atakhudza timalata ting'onoting'ono ta kutsogolo kwa rediyeta, tinafumbutuka pachala ngati tsamba louma.

Anadzuka. Vuto analipeza yekha. Chotsala chinali kunena.

"Bambo, mapaipi ali bwino, pampu ili bwino, injini sinavulale. Koma rediyeta yatha. Kakanakhala kabowo kamodzi pachitsulo, tikanawotcherera. Apa pulasitiki yang'ambika pamsoko, ndipo m'munsimu mwaola. Iyenera kusinthidwa. Amisiri akabwera aitanitsa ina, mawa galimoto ituluka."

Wamazira anachotsa foni kukhutu.

"Mawa? Iwe ukuona chimene chili kumbuyoku? Ndi miyala imeneyi? Mazira akhale padzuwa mpaka mawa, udzagula ndiwe?" Anatembenukira kwa anyamata aja. "Kodi pagalaja pano palibe mwamuna? Mwandipatsa kamtsikana kosesa kuti kandiuze zotaya rediyeta yanga?"

Anyamata anaseka. Katsache anayang'ana pansi.

4. Dzira

Chigamba anabwera pang'onopang'ono akupukuta manja.

"Pepani, bwana. Ana a masiku ano sadziwa kukonza, amangodziwa kusintha. Kusintha ngakhale wogulitsa m'sitolo amatha. Mankhwala a galimoto yanuyi mwawanyamula nokha kumbuyoku."

Anasolola dzira limodzi pathireyi, n'kuliponya m'mwamba, n'kuliwakha.

"Ukaswera ili m'katimo, madzi akatentha dzira limapsa, n'kukamata pabowo. Basi. Galimoto pamsewu."

"Achimwene, mng'aluwo ndi waukulu," anatero Katsache motsitsa mawu. "Ndiponso agogo anati..."

"Agogo!" Chigamba anawomba m'manja. "Anyamata, mwamva? Galaja ino ikuyendetsedwa ndi nkhalamba ya kunyumba! Mawa abwera ndi ndodo kudzamasula mabawuti!"

Phwete linadzaza bwalo lonse. Ngakhale Wamazira anaseka mpaka kutsokomola.

Chigamba anayandikira khutu la mtsikanayo. "Agogo ako aamuna, mwini bokosi lija, mazira anaswa ambirimbiri m'marediyeta. Amisiri enieni amatero. Iwe ukufuna zida zawo koma mtima wawo ulibe."

Linali bodza. Chigamba sanawaonepo malemuwo n'kamodzi komwe. Koma bodzalo linalowa pamalo ofewa.

Anagwira dzanja la Katsache, n'kuikamo dzira lija, n'kupinda zala zake.

"Ine sindikhudza. Amisiri anati galimotoyi ndi yako. Ukaswa dzirali, dzina la Katsache lithera pompano, ndikulumbira pamaso pa anyamatawa. Ukakana, tenga tsache lako. Udzasesa mpaka imvi."

Dzira linali lofunda m'dzanja.

Katsache analigogoda pakamwa pa rediyeta. Linasweka, n'kutsetserekera m'katimo. Anatseka chivindikiro. Wamazira analiza injini, ndipo onse anawerama kuyang'ana mng'alu uja. Madzi anatuluka ngati ulusi, kenaka madontho, kenaka anasiya.

"Mwaona?" anafuula Chigamba. "Amisiri aang'ono awo!"

Wamazira anamuyang'ana mtsikanayo m'maso. "Ndiye ili bwino?"

Ana inu, apa ndi pamene panali potulukira pomaliza. Akanatha kunena kuti, bambo, tangomata, musakwere nayo chitunda. Koma anyamata anali kumuwombera m'manja koyamba chibwerere pagalajapo.

"Ili bwino, bambo," anatero.

Chimene Chigamba sananene n'chakuti dzira lilibe maso. Silisankha bowo. Limamata mng'alu, inde, koma limapseranso m'timapaipi ting'onoting'ono ta m'kati, momwe madzi amayenera kudutsa kuti azizire. Ndipo m'rediyeta yadzimbiri ngati ija, njira zinali zochepa kale.

"Kwera," anatero Wamazira. "Ngati ntchito yako ndi yoona, ukatsikira pamwamba pa chitunda. Ndisakavutike ndekha."

Chigamba anamupatsa chigubu cha madzi ndi kansanza. "Pitani bwino, amisiri," anatero, akutsinzinira anzake diso.

5. Pachitunda

M'misewu ya m'munsi pikapu inayenda bwino. Wamazira ankaimba mluzu, foni ili kukhutu, akuuza a masitolo kuti akufika. Katsache anagwira chigubu pamiyendo, maso ali pa geji.

Atayamba kukwera chitunda, muvi unasuntha. Unadutsa pakati. Unapitirira.

"Bambo, imani. Ikutentha."

"Unati ili bwino."

"Imani, chonde!"

"Ndiime pakati pa chitunda ndi katundu yenseyu? Khala chete."

Anaponda mafuta. Muvi unalowa pofiira. M'galimoto munayamba kununkha ngati chinthu chopserera, ndipo injini inayamba kugogoda. Kenaka nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, pikapu n'kuzima yokha pafupi ndi pokwerera mabasi.

Wamazira anatuluka akutukwana. Anatsegula boneti, nthunzi n'kukwera ngati utsi wa pamoto. M'kati mwa rediyeta munkamveka kubwata.

"Thira madzi!"

"Tidikire izizire, bambo. Ikatentha chonchi sititsegula."

"Kudikira, kudikira! Wandiphera galimoto, ndiye ukundiuzanso zodikira? Mazira anga akupsa padzuwa pano!"

Anthu a pamalo okwerera mabasi anayamba kusonkhana. Oitanira mabasi, anyamata a njinga zamoto, ongodutsa. Galimoto zakumbuyo zinkaliza mahutala.

"Makaniko wake ndi ameneyu?" anafunsa wina. "Abwana, mwasowa amuna?"

"Akuopa kuthyola zikhadabo!"

"Tsegula iwe! Ovolosiyo wabwereka?"

Wamazira anamugwira pamkono n'kumukankhira kutsogolo kwa galimoto. "Ukapanda kutsegula, ndikukokera kwa abwana ako pamaso pa anthu onsewa. Ndikawauza kuti unandinamiza. Uone ngati mawa udzalowenso pachipata chija."

Katsache anayang'ana chivindikiro. Anayang'ana anthu aja. Ena anali atatulutsa kale mafoni kuti ajambule. Akanakhala pansi n'kupinda manja, akanatukwanidwa basi, ndipo kutukwanidwa sikusiya chipsera. Koma iye anaganiza za bokosi lofiira ndi chipata. Anakulunga kansanza kaja m'dzanja lamanja.

"Ndingomasula pang'ono," anatero.

Ana inu, chivindikiro chotentha chilibe pang'ono.

Chinamuphonyoka m'dzanja n'kugunda boneti. Madzi obwata anatumphuka ngati kasupe, adzimbiri, osakanikirana ndi zidutswa za dzira lopsa. Anamumenya padzanja, pakhosi ndi mbali yonse yamanja ya nkhope.

Kulira kwake kunamveka mpaka kumunsi kwa chitunda. Anagwa pamsewu akugubuduzika, manja ali kumaso.

Anthu anabwerera m'mbuyo, koma mafoni sanatsike.

"Mpakeni dzira pabalapo!" anafuula wina.

"Mazira anga asakhudze munthu!" anakuwa Wamazira, atatambasula manja kutchinga katundu wake. Iye sanamuyang'ane n'komwe mtsikanayo. Kumbali ina anyamata ena a pamsewupo anali atayamba kale kusolola mathireyi.

Amene anathandiza anali mayi wina wogulitsa madzi akumwa. Anakankha anthu, n'kugwada, n'kuyamba kuthira madzi ozizira pankhope ndi padzanja la mtsikanayo, botolo ndi botolo, mpaka katundu wake yense anatha. Wina atabwera ndi mafuta ophikira kuti apake, mayiyo anamubweza. Kenaka anaimitsa galimoto yodutsa, n'kunyamula mtsikanayo kupita naye kuchipatala.

Pamsewu panatsala nsapato imodzi, kansanza, ndi chivindikiro chikufukabe.

6. Kuchipatala

Anamwino ananena kuti madzi a mayi uja ndi amene anapulumutsa zimene zinapulumuka. Dzira kapena mafuta zikanangowonjezera bala. Koma khungu la patsaya ndi pakhosi linali litapita. Zala za dzanja lamanja, dzanja logwirira sipanala, zinakulungidwa chilichonse pachokha. Za diso lamanja adokotala anati adikire kutupa kutsike, pamenepo ndi pamene adzadziwe ngati lidzaonenso.

Agogo anafika ndi nsalu yawo ija yopitira kuchipatala. Anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, ndodo ili pakati pa miyendo. Katsache anadikira kuti ayambe kulankhula. Anadikira mawu aja oti ndinakuuza.

Mawuwo sanabwere. Agogo amene ankachenjeza za galu wogona anakhala duu. Anangoyang'ana anamwino akusintha nsalu za pabala, khungu likutsalira pansalu.

"Ndinkati bala ili ndinathana nalo," anatero pamapeto pake, osayang'ana munthu. "Landitsatira mpaka kwa mdzukulu."

Mawu amenewo anapweteka kuposa madzi aja.

Tsiku lotsatira masana kunabwera anthu atatu. Patsogolo Amisiri, kiyi ali m'khosi. Pambuyo pawo Wamazira, nkhope ili gwa. Pomalizira Chigamba, atavala malaya oyera, atanyamula nthochi m'pepala ngati munthu wachifundo.

Amisiri sanapereke moni. Anafunyulula kansanza pabedi. M'katimo munali zinthu zoyera, zolimba, zodetsedwa ndi dzimbiri.

"Izi ndazichotsa m'rediyeta ya bamboyu," anatero. "Rediyeta inali yakufa kale, imeneyo sindikudandaula. Koma dzulo m'mawa injini inali yamoyo. Lero mutu wake wapindika, madzi alowa mu oyilo. Chinthu chimene chikanatha ndi rediyeta imodzi chapha galimoto yonse."

"Ndi mazira anga anabedwa," anawonjezera Wamazira. "Kamtsikana aka kanandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ili bwino."

"Ine ndinamuletsa, Amisiri," anatero Chigamba mofatsa, akuika nthochi patebulo. "Ndinati mlongo wanga, dikira abwana abwere. Koma mukudziwa ana akafuna kuonekera. Anyamata onse ndi mboni."

Katsache anayesa kulankhula. Milomo inali yotupa, ndipo panangotuluka mpweya.

Amisiri anavula kiyi uja m'khosi. Anamuyang'ana kanthawi, n'kumuika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Dzira unaswa ndiwe, ndipo bodza unanena ndiwe. Zimenezo sizifufutika, ndipo za chipata ndinakuuza kale. Koma pampu yoyezera ndaipeza yonyowa, ndipo katoni ndaiona. Munthu amene anafufuza chonchija anadziwa kuti rediyeta yatha. Nzeru ya dzira sinachokere m'mutu umenewo." Anawerama pafupi ndi diso lotsala lija. "Pakamwa sipakutheka, koma dzanja limodzi uli nalo. Ndilozere amene anakupatsa dzira."

Chigamba anamwetulira, koma maso ake anali pa mtsikanayo, ouma ngati mwala. Anapukusa mutu pang'ono, moti Amisiri sanaone. Kenaka anayamba kubwerera cham'mbuyo.

"Ndikaone ntchito kugalaja, Amisiri. Anyamata ali okha."

Dzanja lamanzere la Katsache linadzuka pang'ono pabulangete.

Chigamba anatembenuka kuti atuluke, koma chinachake chinamugunda pamimba. Inali ndodo, itapingasa pachitseko.

"Taima kaye, mwana iwe," anatero agogo.